Ndege ya rimoti yoyamba: zoti mugule, zoti mupange nokha, ndi pomwe ambiri amagwera

Funso ili ndaliyankha kambirimbiri moti ndimadziwa momwe liyambire: "achimwene ndaona ndege yanu ija, nanenso ndikufuna kuyamba, ndigule chani?" Ena amafunsa asanatulutse ndalama, amenewo ndi amwayi. Ena amabwera ndi jumbo yodzadza kale, mota ya drone yothamanga, pulopela yaikulu, kabatire ka chidole, risiva (kabokosi ka mu ndege kolandira malamulo a rimoti) yosayankhulana ndi rimoti yawo, ndalama zapita koma palibe chomwe chikugwirizana ndi chinzake, ndipo zimandipweteka chifukwa zinthuzi kuno sitigula pa grosale yapafupi, timadikira masabata kuti zifike. Ndiye ndati ndilembe kamodzi. Werengani mpaka nambala 8 musanayitanitse kalikonse.

1. Sankhani ndege yofatsa, phiko pamwamba

Ndikudziwa mtima umafuna jeti kapena ija yankhondo ngati Spitfire, koma imeneyo ikhale yachitatu kapena yachinayi. Yoyamba ikhale yomwe timaitcha trainer: phiko lili pamwamba pa thupi, ndi lotambalala, ndipo nsonga zake zakwezeka pang'ono moti mukaiyang'ana kutsogolo imaoneka ngati V wophwatalala. Kukwezekako dzina lake ndi dihedral, ntchito yake ndi yoti ndege ikapendekeka inu n'kusiya sitiki, imadziwongola yokha. Pa phiko la mita 1.2 kwezani nsonga iliyonse ndi masentimita 5 mpaka 7.

Musaganize kuti kandege kakang'ono ndi kosavuta, ndi kamene kamavuta kwambiri, kamatengeka ndi kamphepo kalikonse ndipo kakapita patali simuona ngati kakubwera kapena kakupita. Phiko likhale pakati pa mita 1 ndi 1.4, kulemera konse pamodzi ndi batire kusapitirire magalamu 900.

Mota ikhale kuti? Ikakhala kumphuno, kugwa kulikonse ndi pulopela yothyoka, mwinanso shafti yopindika. Ikakhala kuseri kwa phiko n'kumakankha, monga zilili pa Bixler kapena AeroScout, mphuno ndi yomwe imalandira nkhonya, mumangomata n'kuulukanso. Ine kwa woyamba ndimasankha yokankhayi.

Komanso yambani ndi machanelo atatu basi: mota, elevator yomwe ndi kachitseko kakumchira kokweza ndi kutsitsa mphuno, ndi rudder yokhotetsa. Ma aileron, timazitseko ta pamapiko, adzabwera pa phiko lachiwiri.

2. Rimoti ndiye chinthu choyamba kugula

Ndege mudzaphwanya zingapo, rimoti idzakhalabe yomweyo zaka ndi zaka, ndiye apa musaumire. Yotsika mtengo koma yodalirika ndi FlySky FS-i6 kapena FS-i6X, imabwera ndi risiva yake monga iA6B, imagwira pa 2.4GHz ndipo imasunga ndege zingapo m'mutu mwake. Ngati thumba likulola, RadioMaster Pocket kapena Boxer ya ExpressLRS ndi yabwino kwambiri, kungoti menyu yake ya EdgeTX imafuna kudekha masiku oyamba.

Chenjezo lalikulu: kulembedwa 2.4GHz sizitanthauza kuti zilankhulana. Kampani iliyonse ili ndi chinenero chake, FlySky ili ndi AFHDS 2A, Spektrum ili ndi DSMX, ExpressLRS ndi china. Ine ndinadikirapo masabata asanu risiva yomwe wogulitsa wina analemba kuti imagwira ndi rimoti iliyonse, itafika kagetsi kake kanangophethira usiku wonse osalumikizana. Gulani rimoti ndi risiva pamodzi, za mtundu umodzi. Ndipo ya ndege ikhale risiva ya PWM, ija yokhala ndi mizere ya timapini titatutitatu, chifukwa tina ting'onoting'ono ta drone tilibe pobayira masevo, timamota tosuntha timazitseko tija.

Poyitanitsa onetsetsani kuti ndi Mode 2, kutanthauza kuti moto wa mota uli ku sitiki yakumanzere. Mavidiyo ambiri ophunzitsa ndi a Mode 2.

Ikangofika rimoti, ndege isanakhalepo n'komwe, ilumikizeni ku kompyuta muyambe simulator, pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege pa sikirini. PicaSim ndi yaulere. RadioMaster imangolowa ndi waya wa USB, FlySky imafuna kachingwe kake ka simulator, kayitanitseni pamodzi ndi rimotiyo. Chomwe mukuphunzira ndi chimodzi: ndege ikamabwera kwa inu, kumanja kwake ndi kumanzere kwanu. Zala zizolowere zimenezi pa sikirini pomwe kugwa kulibe mtengo.

3. Kugula yopangidwa kale kapena kupanga nokha

Mawu omwe muwaone pa AliExpress ndi masitolo ena ndi awa. RTF ndi yokhala ndi zonse mpaka rimoti, koma nthawi zambiri rimoti yake imagwira pa ndege yomweyo basi. PNP ili ndi mota, ESC (kachipangizo kolamulira liwiro la mota) ndi masevo kale, inu muwonjezere risiva ndi batire. BNF ili ndi risiva ya kampani inayake, ikufuna rimoti ya chinenero chomwecho. KIT ndi thupi lokha lopanda zamagetsi, ambiri amapusitsika nayo poona mtengo wotsika.

Ngati muli ku Joni kapena ku UK komwe sitolo ya zimenezi ili pafupi, PNP ya foam ya EPO kapena EPP ndi njira yachidule. Koma kwa ife a kuno bokosi la phiko la mita 1.4 kulitumiza kumadya ndalama zambiri ndipo litha kufika lofinyika, pomwe zamagetsi zonse zimakwana mu kaphukusi kamodzi. Ndiye ine ndimati itanitsani zamagetsi, thupi pangani nokha. Ubwino wina ndi woti ndege yomwe mwadula nokha mumadziwa kuikonza ikathyoka.

Musajambule pulani ya m'mutu mwanu pa ndege yoyamba. A Flite Test a ku Ohio ali ndi mapulani aulere ndi mavidiyo ake, Explorer ndi yokankha, Simple Cub ndi ya mota kumphuno. Pulani imabwera yogawidwa m'mapepala oti mulumikize, ndiye pokasindikiza imani pambali pa wosindikizayo mumuuze kuti ikhale 100%, asadine zoti ikwane papepala. Tengani rula muyeze kasikelo kojambulidwa pa pulaniyo musanalipire.

Chopangira ndi foam board ya mamilimita 5, ija ya foam pakati mapepala kunja, imapezeka m'masitolo a zolembera ndi kwa osindikiza zikwangwani. Apa mvetserani: ya ku America yomwe mapulaniwo anapangidwira ndi yopepuka kwambiri, zambiri zomwe timapeza kuno pepala lake ndi lokhuthala ndipo zitha kulemera kuwirikiza kawiri. Sendani pepala la mbali yamkati paliponse pomwe mungathe, makamaka kumchira. Foam loyera la timibulu lija lobwera m'bokosi la TV limanyenyeka, lisiyeni. Correx, pulasitiki ya zikwangwani ija, ndi yolimba koma yolemera.

Guluu ndi wotentha uja wa kamfuti, ndipo muzithira pang'ono, guluu amalemera. Supa guluu wamba ndi guluu wa nsapato amasungunula foam mukuona. Mpeni ukhale wa lezala latsopano, likangoyamba kukoka foam m'malo modula thyolani nsonga.

4. Mota, pulopela ndi ESC ndi banja limodzi

Izi musagule chimodzichimodzi kwa ogulitsa osiyana mongoganizira. Pa ndege ya magalamu 600 mpaka 900 seti yodziwika ndi mota ya A2212, ESC ya 30A ndi batire la 3S (la maselo atatu). Manambala 2212 akunena kukula kwa gawo la mawaya mkati, mamilimita 22 m'mimba ndi 12 kutalika. KV ndi kuchuluka kwa kuzungulira pa mphindi pa volti iliyonse mota ikakhala yopanda pulopela, si mphamvu ayi, ambiri amaganiza kuti KV yaikulu ndiye mota yamphamvu.

Lamulo lake ndi loti KV ikakwera pulopela ichepe. 1000KV imayenda ndi 10x4.5, 1400KV ndi 8x4 kapena 8x6, 2200KV ndi 6x4. Nambala yoyamba ndi kutalika kwa pulopela mu mainchesi, yachiwiri ndi kupotoka kwake. Mukaika 10x4.5 pa 2200KV mumva fungo la waya wopsa musanathe mphindi imodzi. Ya kumphuno tengani 1000KV, yokankha nthawi zambiri malo a pulopela amachepa chifukwa cha thupi lakumchira ndiye 1400KV imakwana bwino, koma pulani yanu ikatchula mota ina tsatirani pulaniyo.

Dziwaninso kuti Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Johannesburg pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopyapyala ndiye mota imakoka mocheperako ndipo phiko limanyamula mocheperako. Chifukwa china chopangira ndege yopepuka.

ESC ikhale ya ndege, yokhala ndi BEC ya 5V, ndi yomwe imadyetsa risiva ndi masevo. Yolembedwa OPTO ilibe BEC, mudzalumikiza zonse n'kupeza risiva yazima. Mapulopela gulani osachepera asanu.

5. Batire ndi tchaja

Batire likhale la mtundu wa LiPo, 3S 2200mAh, lolembedwa 25C kapena kuposa, la pulagi ya XT60, ndipo onani kuti ESC ilinso ndi XT60 apo ayi mukufunika sodala. 3S ndi maselo atatu, lililonse likadzadza ndi 4.2V, onse 12.6V. Musalitsitse kupitirira 3.5V pa selo, gulani ka alamu kobaya pa kapulagi koyera ka batire kuti kazilira likatsika, komanso ikani taimala ya mphindi 6 pa rimoti masiku oyamba. Likakhala masiku angapo osagwira ntchito lisiyeni pa 3.8V pa selo, tchaja ili ndi pulogalamu yake ya storage.

Tchaja ndi iMax B6 kapena yofanana nayo, muzitchaja pa balance (pulogalamu yofananitsa maselo onse) nthawi zonse, pa 2.2A osapitirira. B6 wamba imadya magetsi a 12V, ndiye magetsi akathima mumangoipana pa batire la galimoto kapena la sola, ngakhale kubwalo komweko.

LiPo imayaka moto weniweni. Tchajirani pa simenti kapena mu mphika wadothi, mchenga uli pafupi, inu muli pompo, osati pa matiresi mukugona. Lotupa kapena lobooka musaligwiritsenso, ndipo musalisiye m'galimoto dzuwa la Okutobala. Ogulitsa ambiri akunja amakana kutumiza mabatire pa ndege, ndiye ambiri timatuma wachibale wochokera ku Joni. Akamabwera pa ndege muwauze kuti alinyamule m'chikwama cham'manja osati chokaika pansi, mapulagi atamatidwa tepi. Batire ili ndi 24Wh basi, lili pansi kwambiri pa malire a 100Wh.

6. Masevo ndi tinthu ta pamsika

Masevo a magalamu 9, SG90 ya magiya apulasitiki kapena MG90S ya magiya achitsulo. Mukufuna awiri, gulani anayi, mwa otchipawa sipalephera kupezeka imodzi yonjenjemera. Zotsalazo zili pafupi: sipoko ya njinga ndi waya wabwino wa miyendo, komanso wokankhira ngati mtunda ndi waufupi, khadi lakale la kubanki mumadula n'kukhala kanyanga komata pa elevator, timitengo tansungwi tobayira nyama timalimbitsa mchira, phiko mumamanga ndi malabala kuti pogwa lizidumpha m'malo mothyoka, ndipo selotepu yaikulu ya makatoni imakhala hinji komanso imateteza kutsogolo kwa phiko. Pansi pa phiko matani tepi ya mtundu wowala, pamwamba mtundu wina, mudzandithokoza ikadzakhala m'mwamba.

7. Lumikizani zonse pulopela itachotsedwa

Ndikubwereza, pulopela ichotsedwe. Imadula chala mpaka fupa.

Pa FlySky chanelo 1 ndi aileron, 2 elevator, 3 ESC, 4 rudder. Koma pa ndege ya machanelo atatu bayani rudder pa chanelo 1, kuti kukhota ndi kukwera zikhale pa dzanja limodzi lamanja monga zidzakhalire mukadzapita ku ma aileron. Rimoti imayatsidwa koyamba, batire pambuyo, pozimitsa mumayamba ndi batire.

Yatsani masevo adzipeze pakati, kenako ndi pomwe muike kamkono kake molunjika bwino, musanamate sevo m'thupi. Mota ikamazungulira chobwerera sinthanitsani mawaya awiri aliwonse mwa atatu aja. Ndiye ikani failsafe: chanelo 3 ipite pansi penipeni siginolo ya rimoti ikaduka. Yesani, mota ikuzungulira pang'ono zimitsani rimoti, iyenera kuima.

Imani kumbuyo kwa ndege. Kokerani sitiki yamanja kwa inu, elevator ikwere. Kankhirani kumanja, rudder ipite kumanja. Zikasemphana sinthani pa reverse mu menyu ya rimoti. Timazitsekoto tisamayende kwambiri, sentimita imodzi uku ndi uku yakwana, waya ukhale pa bowo lakunja la kanyanga. Pomaliza pulopela: mbali yolembedwa manambala imayang'ana kutsogolo komwe ndege ikupita, ngakhale pa yokankha. Yoikidwa chagada imalira kwambiri koma osakoka.

8. CG, pomwe pagona nkhani yonse

Apa ndi pomwe mavidiyo ambiri amangodutsa ndi chiganizo chimodzi, koma ndi pomwe pamafera ndege zambiri zatsopano. CG ndi malo omwe ndege imakhazikika mukaiika pa zala, kutsogolo ndi kumbuyo kukulemera mofanana.

Ndege yanga yoyamba ndinaipanga masabata atatu, usiku uliwonse ndikaweruka. Tsiku loiulutsa ndinafika pabwalo la mpira mame asanaume, mphwanga anaiponya bwinobwino, inangodzutsa mphuno kuloza kumwamba ngati ikufuna kuima chilili, inaima kaye m'malere, kenako phiko limodzi linagwa n'kubwera chamutu. Masekondi anayi. Ndinatola zidutswa ndikuganiza kuti vuto ndi zala zanga, kapena mota yachepa mphamvu, pomwe vuto linali foam board yolemera ija ndi guluu yemwe ndinathira mosaumira kumchira. Mchira uli kutali ndi phiko, ndiye magalamu 10 owonjezera kumeneko amafuna 30 kapena kuposa kumphuno kuti zifanane.

Chitani chonchi. Yezani kutambalala kwa phiko kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. CG ikhale pakati pa gawo limodzi mwa anayi ndi gawo limodzi mwa atatu kuchokera kutsogolo, ndiye phiko likakhala masentimita 20, ndi pakati pa 5 ndi pafupifupi 6.7. Pulani ikapereka nambala yake tsatirani imeneyo. Kwa ulendo woyamba khalani chakutsogolo, pa 5 kapena 5.5. Lembani timadontho tiwiri ndi maka pansi pa phiko, uku ndi uku pafupi ndi thupi, mwinanso dontheza kaguluu pamenepo kuti zala zizipamva osayang'ana.

Ndege ikhale ndendende momwe iulukire: batire mkati, pulopela, malabala, chitseko chotseka. Muli m'nyumba mopanda mphepo, ikani nsonga za zala pa madontho aja n'kunyamula. Yabwino imakhala yowongoka kapena kuweramitsa mphuno pang'ono chabe. Mchira ukatsika ngakhale pang'ono, musanene kuti ndikonza ndi trim (timabatani ta pa rimoti towongolera pang'ono) m'mwamba, sizitheka. Ndege yolemera kumphuno imauluka mouma, imafuna liwiro ndipo imatera mothamanga, koma imamvera. Yolemera kumchira simvera munthu, ngakhale katswiri.

Kukonza kwake yambani ndi batire, ndi chinthu cholemera kwambiri mu ndegemo, magalamu pafupifupi 180. Lisunthireni kutsogolo pang'onopang'ono mukuyeza. Likafika kumapeto mchira ukadali pansi, chepetsani kumchira, sendani pepala, palani guluu wosefukira, sunthirani masevo kutsogolo. Zikakanika ndi pomwe mumate mawasha kapena manati kunsonga kwenikweni kwa mphuno. N'chifukwa chake ndimati musamate ESC ndi risiva mpaka mutayeza CG, nazonso ndi zosunthira.

Mukapeza malo a batire jambulani mzere mkatimo, ndipo limangeni ndi velcro pansi komanso lamba pamwamba. Batire longoikidwa limatsetsereka kupita kumbuyo ndege ikamakwera, CG yomwe munayeza bwino ija n'kusintha muli m'mwamba. Mukadzagula batire la kukula kwina, yezaninso. Mukamata pomwe panathyoka, yezaninso.

Palinso kulemera kwa m'mbali komwe anthu amaiwala. Wina agwire kumphuno ndi chala, inu kumchira, muone ngati phiko limodzi likugwa nthawi zonse. Likatero matani kawasha kunsonga kwa lopepukalo. Yang'ananinso kuchokera kumbuyo ngati mchira uli wowongoka ndi phiko, wopotoka umakhotetsa ndege yokha.

Kenako yesani kuiponya mota itazima, rimoti ili yoyaka, pamalo a udzu wautali. Iponyeni molunjika ngati mukuponya mkondo pamalo a mamita 10 kutsogolo, osati m'mwamba. Ikatsetsereka bwino n'kukatera patali, zili bwino. Ikadzutsa mphuno, kugwa, kudzutsanso ngati bwato pa mafunde, batire lipite kutsogolo. Ikangolunjika pansi msanga, onani kaye ngati elevator ili yowongoka, kenako bwezani batire pang'ono, theka la sentimita nthawi imodzi.

9. Malo, nthawi ndi ulendo woyamba

Bwalo lalikulu lopanda mitengo ndi mawaya amagetsi, ndipo pemphani eni ake kaye. Chitsegulireni malo oyesera ma drone ku Kasungu mu 2017 anthu ambiri chilichonse chouluka amachitcha drone, ndiye kwa mlonda kapena wapolisi ndege yanu ndi drone basi. Khalani kutali ndi mabwalo a ndege monga la Kamuzu ku Lumbadzi ndi la Chileka, malo a asilikali, ndende ndi nyumba za boma, musapitirire mamita 120 m'mwamba, ndipo funsani ku ofesi yoona za maulendo a pandege za malamulo omwe alipo panopa. Ana adzabwera ambiri, auzeni mwachikondi aime kumbuyo kwanu, ndipo muwachenjeze kuti ikagwa asaithamangire mpaka mutachotsa batire.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa likungotuluka. Miyezi ya mwera, Juni mpaka Ogasiti, mphepo imadzuka msanga, ndipo masana a Okutobala kuli akamvuluvulu komanso guluu wotentha amafewa. Masamba a mitengo akamagwedezeka kwambiri bwererani kunyumba.

Yezani CG komaliza, onaninso elevator ndi rudder, pitani ndi rimoti masitepe 30 pa range test muone ngati ikumverabe. Mnzanu aiponye molunjika, kuyang'ana komwe mphepo ikuchokera, dzuwa lili kumbuyo kwanu, moto uli pa magawo atatu mwa anayi. Isiyeni ikwere pang'onopang'ono mpaka kupitirira mitengo kawiri musanayese kukhota, kenako bwezani moto pa theka. Kukhota ndi kugusa sitiki pang'ono n'kubwezera pakati, osaigwirira. Mukasokonezeka siyani sitiki, dihedral igwire ntchito yake, ndipo mukaona kuti ikugwa ndithu zimitsani mota isanafike pansi. Potera bwerani moyang'anana ndi mphepo, chotsani moto, ikatsala pang'ono kukhudza udzu kokani elevator pang'ono. M'chikwama mukhale selotepu, malabala, mapulopela awiri ndi zidutswa za foam board, zambiri zothyoka tsiku loyamba zimakonzeka pabwalo pomwepo.